Mwana akukana phala: poyambira ndi pati?

Mwadzuka m'mawa, mwaphika phala, mwathiramo nsinjiro, mwaliziziritsa bwinobwino. Supuni yoyamba yalowa. Yachiwiri yabwerera pachibwano. Pofika yachitatu mwana watseka pakamwa kuti mwaa, nkhope wayang'anitsa kumbali, kadzanja kali kale pabulauzi kufuna bere. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Apongozi akuti mwanayo mukumulekerera, anzanu kumjigo akuti wawo amamaliza mbale yonse mpaka kulirira ina, ndipo inu mtima wayamba kuthawa.

Vutoli ndi la m'makomo ambiri, ndipo nthawi zambiri limatha popanda mankhwala. Koma mwana wokana chakudya amakhala ali ndi chifukwa chake, kungoti pakamwa ponenera alibe. Ntchito yathu ndi kuchifufuza chifukwacho mwadongosolo, kuyambira pa zosavuta.

Tsegulani kaye buku la kusikelo

Musanasinthe ufa, musanagule mankhwala opatsa chilakolako cha chakudya, yang'anani mzere wa sikelo m'buku la mwana. Ngati mwezi ndi mwezi mzerewo ukukwera, mwanayo akusewera, akukodza kangapo patsiku, akuyamwa bwino, maso ali gwa, ndiye kuti nthawi muli nayo yokonza zinthu modekha. Mbale yotsala phala isakuopseni kuposa momwe buku likunenera. Ngati mzere waima malo amodzi kwa miyezi iwiri, kapena ukutsika, pitani kwa alangizi a zaumoyo sabata yomwe ino, ndipo zimene zalembedwa m'munsimu muzizichita muli kale m'manja mwa achipatala.

Chachiwiri, funsani ngati zomwe mukuyembekezera zikugwirizana ndi msinkhu wake. Amayi ambiri amene ndacheza nawo pa nkhaniyi amapezeka kuti mwana wawo akudya mokwanira, kungoti mbale yomwe amamuikira ndi ya mwana wa zaka zitatu. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, amenenso amaphunzitsidwa kusikelo kuno kwathu, ndi akuti mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6. Akayamba kudya, masupuni aakulu awiri kapena atatu pa nthawi imodzi ndi okwanira, kawiri kapena katatu patsiku. Muyezowo umakwera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu ya mamililita 250. Kuyambira miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi patsiku, theka la kapu ija. Akakwanitsa chaka, ndi pomwe amayandikira kapu yodzaza. Mimba ya mwana wa miyezi 8 imalandira mamililita pafupifupi 200 okha, ngati kapu yomwera tiyi. Choncho amene wadya masupuni atatu pa miyezi 6 n'kutembenuka, wakhuta, sanakane.

"Akungolavula, lilime likukankha chilichonse"

Khanda limabadwa ndi chizolowezi chokankha ndi lilime chilichonse chomwe si bere. Chizolowezichi chimazimiririka chokha pakati pa miyezi 4 ndi 6. Ngati munayamba phala pa miyezi itatu kapena inayi chifukwa mwana amalira usiku ndipo akuluakulu anati mkaka sukumukwanira, kulavulako si mwano, thupi lake silinafikepo. Bwererani ku bere lokha mpaka miyezi 6 ikwane. Mwana wobadwa masiku asanakwane amatha kuchedwerako pang'ono, ndipo ameneyu funsani kusikelo nthawi yoyambira.

Wokonzeka kudya amadziwika: khosi lalimba, amakhala tsonga mukamuchirikiza, amatsatira ndi maso mbamu yanu kuchoka m'mbale kukafika pakamwa, amatola zinthu n'kuziika m'kamwa. Ngakhale wotereyu masiku oyamba amatulutsa theka la zomwe mwamupatsa, chifukwa kusuntha chakudya ndi lilime kupita nacho kukhosi ndi luso lofunika kuphunzira, monga kukwawa. Ikani kachakudya kochepa kunsonga ya supuni, kakhudzitseni pamlomo, mudikire atsegule yekha.

Musamudyetse chogona pamiyendo mutu uli chagada. Akhale tsonga, akuyang'anizana nanu.

"Amangofuna bere basi"

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Amati mumuletse kuyamwa kuti njala imuwawe, adya yekha. Musatero. Pakati pa miyezi 6 ndi 12 mkaka wa m'mawere umapereka theka kapena kuposerapo la mphamvu zomwe mwana amafuna, ndipo m'chaka chachiwiri umaperekabe gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwana amene akudya movutikira mukamuchotseranso bere, mwamuchotsera mzati womwe unamugwiriziza. Ambiri amene amanyentchera mwadzidzidzi ndi omwe anasiyitsidwa kuyamwa kamodzin'kamodzi, kawirikawiri chifukwa mayi aima ndi pathupi pena. Mayi woyembekezera amene alibe vuto lina akhoza kupitiriza kuyamwitsa, mkakawo suwonongeka.

Chofunika kusintha ndi nthawi. Mwana amene wangochoka kumene kubere sangalandire phala, mimba yadzaza. Amene njala yamupweteka mpaka kulira mosatonthozeka sangalandirenso, amafuna chomwe akuchidziwa. Nthawi yabwino ili pakati: patapita ola limodzi kapena kuposerapo chiyamwireni, atadzuka kutulo, akusekerera. Ngati afika pa mphasa ali wokwiya ndi njala, muyamwitseni pang'ono mtima ukhale m'malo, kenako yesani supuni. Wa miyezi 9 kupita m'tsogolo mukhoza kuyamba ndi chakudya, bere libwere pambuyo.

Fungo la mkaka nalo limasokoneza. Mwana ali pachifuwa pa mayi ake, bere lili pomwepo, phala alifunirenji? Yesani kuti adyetsedwe ndi bambo ake, agogo kapena azakhali, inu mutapita kuseri kwa nyumba. Abambo, iyi ndi ntchito yanu ndithu, ndipo ana ambiri amadya bwino m'manja mwanu chifukwa amadziwa kuti kwa inu kulibe china choyembekezera.

Werenganinso zomwe zimalowa m'mimbamo pakati pa zakudya. Tiyi wa m'mawa wothira shuga, thobwa, zakumwa zotsekemera zosungunula ndi madzi, mabisiketi, tokhwasula ta m'mapaketi tomwe achibale amagula pa okala pofuna kusangalatsa mwana. Zonsezi zimadzaza kamimba kaja popanda chomanga thupi, ndipo mwana amene wazolowera kutsekemera ndi mchere wa zimenezi amaona phala ngati lopanda pake. Tiyi ali ndi vuto linanso: amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'chakudya, amene amathandiza kupanga magazi, pomwe mwana wa msinkhu uwu ayironi ndiye akumusowa kwambiri. Zisiyeni kwa sabata imodzi yathunthu muone kusintha kwake. Madzi akumwa, owiritsa kapena othira mankhwala, apatseni akamaliza kudya, osati asanayambe.

Mwina vuto ndi phalalo

Tinene zoona, phala lomwe ana ambiri amapatsidwa ngakhale wamkulu sangalikonde: ufa woyera, madzi ambiri, kamchere, tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu. Timalipanga lamadzimadzi poganiza kuti mwana ameza mosavuta, koma phala loyenderera ngati thobwa limadzaza mimba ndi madzi. Mwana amamaliza kapu yonse, mayi n'kusangalala, koma sikelo osasuntha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira, ndipo kupinimbirako kumayamba kwambiri pa msinkhu womwe uno, pakati pa miyezi 6 ndi zaka ziwiri.

Phala loyenera ndi lomwe mukapendeketsa supuni silithamangira kugwa, limakakamira kaye. Kwa mwana wodya pang'ono zimenezi n'zofunika koposa, chifukwa ngati alandira masupuni anayi okha, masupuni anayiwo akhale ndi kanthu. Gwiritsani ntchito mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Ngati muli ndi soya, mukazingeni kaye, musakanize muyezo umodzi wa soya ku miyezo inayi ya chimanga popita kuchigayo. Umu ndi momwe Likuni Phala amapangidwira, phala lomwe dzina lake linachokera ku Likuni, kufupi ndi Lilongwe. Thirani nsinjiro za mtedza wosankha bwino, wopanda chuku ndi wosawawa. Onjezerani kasupuni kakang'ono ka mafuta ophikira. Tsiku lina swerani dzira m'phala likadali pamoto lipse bwinobwino. Tsiku lina sinjani usipa, bonya kapena matemba ouma, musefe, muthire ufa wakewo supuni imodzi. Nkhwani, bonongwe kapena chisoso zophika n'kusinja zimalowanso.

Pali nzeru ina yomwe agogo athu ophika thobwa amaidziwa. Phala lolimba mukathiramo kaufa kochepa ka chimera likadali lotentha, limafewa lokha popanda kuwonjezera madzi, chifukwa chimera chimaphwanya ufa uja. Mukatero libwezereni pamoto liwirenso pang'ono musanapatse mwana. Mwana amene amavutika kumeza phala lolimba amalandira limeneli, ndipo mphamvu yake yonse imakhala ili momwemo.

Komanso ndani analamula kuti chakudya cha mwana ndi phala lokha? Mwana wanga wachiwiri anakana phala la mtundu uliwonse mpaka miyezi 8, ine n'kumagona ndi nkhawa. Tsiku lina tikudya mbatata yophika anatambasula dzanja, ndinamupatsa kachidutswa kofewa, anakamaliza yekha n'kufunanso kena. Chomwe ankadana nacho sichinali chakudya, inali supuni. Kuyambira pamenepo ndinkamuikira tizidutswa tofewa totalika ngati chala changa kuti agwire yekha: nthochi yakupsa, peyala, papaya, dzungu lophika, mbatata. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ndi yabwino kwambiri chifukwa ili ndi vitamini A ndipo ndi yotsekemera mwachibadwa. Futali wofewa nayenso ana amamukonda. Phala anadzaliyamba pambuyo pake, ataona mkulu wake akudya.

Akafika podya nsima, musamangoviika kambamu mu msuzi. Msuzi ndi madzi ndi mchere. Chomanga thupi chatsala mu ndiwo zenizenizo. Nyenyani nyemba, nsomba yochotsa minga mosamala, chiwindi cha nkhuku, masamba otendera, musakanize ndi kansima kofewa. Kusikelo amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Sikuti onse alowe m'mbale imodzi, koma dzuwa likamalowa mwana akhale atalawako magulu angapo.

Chakudya chatsopano akachikana lero, musagamule kuti sachikonda. Ana ambiri amafunika kuchiona ndi kuchilawa maulendo 8, 10 kapena kuposerapo asanachivomere. Dumphitsani masiku awiri, mubweretsenso, osanyengerera kwambiri. Kukwinya nkhope polawa chinthu chachilendo ndi kudabwa chabe.

Zina zoti musayese n'komwe pofuna kumukopa: uchi asanakwanitse chaka, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo tomwe matumbo a khanda sangalimbane nato; mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, mbuliwuli ndi maswiti, chifukwa zimatsamwitsa. Shuga naye, n'zoona kuti wa m'sitolo kuno amathiramo vitamini A, koma mukazoloweza mwana phala la shuga wambiri mudzavutika kumudyetsa ndiwo zamasamba. Nthochi yonyenya imatsekemeretsa phala mokwanira.

Za kumwetsa phala mokakamiza

Nkhani iyi ndiikhalira pang'ono chifukwa imandipweteka mtima. Tonse tinaonapo: mwana wagonekedwa pamiyendo, manja apanidwa, wina wakhotetsa chikhatho pakamwa pake n'kumathira phala, mwina mpaka kumugwira mphuno kuti atsegule kukamwa. Mwana akulira, akumeza, akutsamwa, phala likutuluka m'mphuno. Ochita zimenezi sadana ndi mwanayo, amamukonda, ndipo iwonso analeredwa choncho. Koma ndi zoopsa. Mwana amene akulira amakoka mpweya mwamphamvu, ndipo phala limatha kulowera njira ya mpweya kukafika m'mapapo. Zotsatira zake ndi chibayo, ndipo pena mwana amabanika pomwepo.

Ngakhale zitapanda kufika pamenepo, kukakamiza kumakulitsa vuto lomwe mukufuna kuthetsa. Mwana amaphunzira kuti mbale ndi supuni zimabwera ndi ululu, ndiye amayamba kulira akangoona mukupakula. Ngati zafika kale apa, siyani supuni kwa masiku atatu kapena anayi, muziyamwitsa mokwanira, muzikhala naye pa mphasa pomwe banja likudya, muike tizidutswa tofewa patsogolo pake osanena kanthu. Agwire, afinye, apake kumaso, zilibe kanthu, bola m'manja mwake ndi mwanu mwasambidwa ndi sopo. Mantha akatha, supuni ibwerere, ina mumupatse agwire yekha.

Mukamawafotokozera agogo kapena apongozi, musawachititse manyazi pagulu. Auzeni kuti, "Amayi, kusikelo atiletsa kumwetsa ndi dzanja, akuti phala limalowa m'mapapo. Tandithandizani kumudyetsa ndi supuni, kwa inu mwina alandira." Ngati mwana amatsala ndi wantchito kapena mchemwali wake inu mukapita kuntchito kapena kumunda, funsani bwino momwe amamudyetsera, ndipo musamulamule kuti mbale ipezeke yatha, chifukwa lamulo limeneli ndi lomwe limabala kukakamiza, kapena phala kudyedwa ndi wina.

Mwana akhale ndi kambale kakekake, kuti muzidziwa chomwe wadya. M'mbale ya onse, ana akuluakulu amatha ndiwo iye akadali pa mbamu yoyamba. Chakudya chisapitirire mphindi 20 kapena 30. Akatseka pakamwa, akakankha supuni, akayamba kuseweretsa, chotsani mbale mwamtendere mudikire nthawi ina. Kumuonetsa makanema pafoni kuti atsegule pakamwa mosazindikira kumathandiza lero lokha, mawa sadzadya popanda foniyo. Kusiyanitsanso ndi kofunika: mwana akakhosomola, nkhope n'kufiira, akuchita ngati asanza koma mawu akutuluka, akukonza yekha, musalowetse chala kukhosi. Amene watsamwa zenizeni satulutsa mawu ndipo milomo imada. Ameneyo mugonekeni chafufumimba pamkono panu mutu uli chotsika, mum'menye ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu. N'chifukwa chake mwana sasiyidwa yekha ndi chakudya.

"Ankadya bwino, wangosiya"

Kusiya kwadzidzidzi kumaloza ku thupi. Tsegulani kukamwa kwake poyera. Usinini wotupa ndi dovu lambiri ndi mano akumera. Amakana kwa masiku ochepa, ndipo zozizirira ndi zofewa monga papaya kapena peyala amalandirako. Koma kutentha thupi kwambiri ndi kutsegula m'mimba musamati ndi mano, ana ambiri amachedwa kufika kuchipatala chifukwa cha mawu amenewa. Zoyera zokakamira palilime ndi m'masaya zomwe sizichoka mukapukuta ndi matenda a m'kamwa ofuna mankhwala a kuchipatala, ndipo mawere a mayi nawo awonedwe. Mphuno zotsekeka ndi chimfine zimalepheretsa kupuma ndi kumeza nthawi imodzi. Kudzigwira khutu n'kumalira pomeza kungakhale khutu lopweteka. Chimbudzi cholimba cha masiku angapo chimathetsanso njala. Papaya, mango akupsa ndi madzi zimathandiza.

Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Chomwe chimabisala kwambiri ndi kuchepa kwa magazi. Ayironi amene mwana amabadwa naye amatha cha pa miyezi 6, ndipo mkaka wa m'mawere uli naye wochepa. Mwana amene akungoyamwa ndi kumwa phala la ufa woyera mpaka miyezi 10 magazi amachepa, magazi akachepa chilakolako cha chakudya chimathawa, akapanda kudya magazi amachepanso. Yang'anani zikhatho ndi m'kati mwa zikope. Zikayera, kapena mwana akamadya dothi ndi kutopa msanga, pemphani kuti amuyeze magazi. Chiwindi, nyama yosinja, usipa, mazira ndi nyemba ndiye zobwezeretsa, makamaka zikadyedwa pamodzi ndi chipatso. Onaninso m'buku ngati analandira vitamini A, amene amaperekedwa miyezi 6 iliyonse kuyambira ali ndi miyezi 6, ndi mankhwala a njoka za m'mimba, amene amayamba akakwanitsa chaka. Mankhwala a m'botolo ogula pa msika oti amapatsa njala asiyeni. Ena amangogonetsa mwana, ndipo chomwe chamudwalitsa chimatsala chikukula.

Pa nthawi ya matenda yamwitsani pafupipafupi, mupatseni tochepa tomwe amakonda kangapo patsiku. Akatsegula m'mimba, madzi a Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki a kuchipatala ndi ofunika, ndipo chakudya chisaimitsidwe. Akachira, njala imabwera yambiri. Onjezerani chakudya chimodzi patsiku kwa masabata awiri kuti abweze zomwe anataya.

Pali kusiya kwina komwe si matenda. Mwana akakwanitsa chaka amakhala atalemera pafupifupi katatu kuposa pobadwa, koma m'chaka chachiwiri amangowonjezera makilogalamu awiri kapena kupitirira pang'ono. Kukula kukachepa liwiro, kudya nako kumatsika, ndipo wayamba kuyenda, dziko lonse likumuitana. Lero adya ngati mlimi, mawa angolawa. Muwerengereni pa sabata, osati pa tsiku.

Pomwe simuyenera kudikira

Nyamukani tsiku lomwelo ngati mwana akukana ngakhale bere, akusanza chilichonse, wakomoka, ali lefuu osadzuka bwino, akupuma mothamanga kapena chifuwa chikulowa m'kati, liwombo ndi maso zalowa, kapena m'chimbudzi muli magazi. Pitaninso ngati amatsamwa ndi kukhosomola nthawi iliyonse akameza, ngati wafika miyezi 9 osalandira chilichonse kupatula bere, kapena ngati atuluka zidzolo ndi kutupa milomo atangodya chakudya china monga dzira kapena nsinjiro.

Mapazi onse awiri akatupa, tsitsi likafiira n'kumathothoka, khungu likamasupuka, m'midzi yambiri amati ndi tsempho, ndipo banja limayamba kufufuzana kuti walakwa ndani. Zokambirana za akuluakulu zili ndi malo ake, koma mwanayo akhale ali kuchipatala pomwe zikuchitika, chifukwa kutupa kotere ndi kunyentchera koopsa ndipo kumapha m'masiku ochepa. Dinani ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu. Pakatsala dzenje, musagone naye pakhomo.

Kuchipatala adzamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakaonetsa pofiira, kutanthauza kuti mkono sunafike masentimita 11.5, kapena pachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, adzamulowetsa m'ndondomeko ya ana onyentchera, ndipo akhoza kumuyezanso chifuwa chachikulu ndi HIV, chifukwa matenda amenewa nawo amathetsa njala mwa ana. Vomerani kuyezetsako. Akakupatsani chiponde, ndi mankhwala a mwana ameneyo yekha, owerengedwa molingana ndi kulemera kwake. Chisagawidwe kwa abale ake, chisathiridwe m'phala la banja lonse. Popita tengani buku lake, ndipo kwa masiku atatu musanapite, ngati si zadzidzidzi, lembani pakapepala chomwe wadya, nthawi yake, masupuni angati, ndi kangati wayamwa usana ndi usiku, kuti mlangizi akafunsa musayankhe kuti "sakudya" basi.